Mmene ndinakhalira dila wa makina, ndi zomwe kampani yopanga inkafuna kwa ine

Kalata yanga yoyamba ku kampani yopanga mapampu a madzi ndi majenereta sinayankhidwe. Ndinailemba ngati munthu wofuna kupikula basi: mpamba ndili nawo, ndipatseni mtengo wotsika. Olemba zotere ndi ambiri. Kampani yopanga makina imasaka munthu wina, dila, kutanthauza wogulitsa makina awo movomerezeka, amene pampu ikafa m'manja mwa kasitomala iye adzaitsegula n'kuikonza, dzina lawo lisanyozeke. Nditazindikira zimenezi ndinayambiranso.

Choyamba ndinafufuza njira imene katundu wawo amayendamo. Makampani ambiri sachita malonda mwachindunji ndi munthu wa shopu imodzi. Amakhala ndi distributor, wopikulitsa wamkulu amene wapatsidwa dziko kapena chigawo chonse, ndipo iyeyo ndiye amasankha madila ang'onoang'ono pansi pake. Kachitidwe kameneka si kachilendo. Caterpillar, yomwe inakhazikitsidwa mu 1925, imagulitsa makina ake kudzera mwa madila oima paokha, aliyense ndi dera lake. Stihl ya ku Germany, yomwe Andreas Stihl anayambitsa mu 1926, imadziwika ndi kudalira madila amene amatha kukonza macheka omwe agulitsawo. Ineyo ndinkagogoda ku likulu pamene khomo langa linali kwa distributor.

Fomu yofunsira udila kwa distributor sinali yovuta: satifiketi yolembetsera bizinesi, zikalata za msonkho, masitetimenti a ku banki, zithunzi za malo, ndi mayina a makampani ena omwe katundu wawo ndinkagulitsa kale. Funso lomalizali si lamwambo chabe, chifukwa opanga ena safuna kuona makina a mpikisano wawo ali pashelefu imodzi ndi awo.

Kenako distributor anatumiza munthu wodzaona malo. Ndinali nditapenta kutsogolo, mashelefu ali mbee, koma iye sanaimepo n'komwe. Anapitirira mpaka kuseri, ku wokoshopu. Anayang'ana zida, anacheza ndi makaniko wanga, kenako anandifunsa kuti, "Bambo, mlimi akabwera ndi pampu yosakoka madzi, mbewu zili pafupi kuuma m'munda, mum'bwezera pakatha masiku angati?" Yankho la funso limeneli ndi limene linandipatsa udila. Ndinali ndi makaniko wodziwa injini zazing'ono, ndipo ndinavomera kumutumiza ku maphunziro awo pa ndalama zanga.

Pa mgwirizano m'pamene ndikupemphani kuti mukhalepo nthawi. Ine ndinauwerenga kangapo, kenako ndinapita nawo kwa loya, ndipo ndalama imeneyo sindinong'oneza nayo bondo. Onani ngati dera lomwe akupatsani ndi lanu nokha, kapena ngati angathe kuika dila wina pafupi nanu chaka chamawa. Onani kukula kwa oda yoyamba, chifukwa sakulolani kutenga makina okha omwe amayenda malonda: amakupatsaninso mndandanda wa masipeya oyenera kukhala nawo, mafyuluta, mapulagi, makabureta, magasiketi. Mu mgwirizanomo mumakhalanso chiwerengero cha makina oti mugulitse pachaka, ndipo mukachifikira makampani ena amakubwezerani kagawo ka ndalama zomwe munaodera. Ena amaletsa kulengeza mtengo wotsika kuposa womwe iwo aika, kuti madila asamagwetsane. Koma ndime yomwe ambiri amaidumpha ndi ya kutha kwa mgwirizano. Akakuchotsani, kapena inu mukatopa, sitoko yotsala aigulanso? Pa mtengo wanji? Masipeya a mtundu umodzi, mukasiya udila, ndi zitsulo chabe. Ndinapempha kuti ndimeyi ilembedwe momveka, ndipo anavomera.

Ndalama zoodera zinandisowetsa tulo. Dila watsopano nthawi zambiri amalipiriratu. Mukadalirika amayamba kukupatsani masiku angapo musanalipire, ndipo pa makina akuluakulu pamakhala ngongole yotchedwa floor plan: wobwereketsa amalipira makina omwe ali pashopu panu, makinawo ndiwo chikole, ndipo inu mumabweza aliwonse akagulidwa. Zimamveka zokoma, koma jenereta ikakhala miyezi osagulidwa, chiwongoladzanja chimadya phindu lake pang'onopang'ono ili chikhalire pamalo pake. Choncho ndinayamba ndi sitoko yochepa ya mitundu yomwe ndinkaidziwa bwino.

Za waranti, lonjezo la kampani lokonza ulere makina akawonongeka m'nthawi yoikika, ndinaphunzira mowawa. Makina asanatuluke, dila ayenera kuwamanga, kuthira oyilo, kuwaliza, kuonetsa kasitomala kagwiritsidwe kake, kenako n'kulembetsa nambala ya makinawo ku kampani pamodzi ndi tsiku logulitsira. Tsiku lina kunali anthu ambiri ndipo jenereta imodzi inatuluka osalembetsedwa. Itabwera yowonongeka, pempho langa la waranti linakanidwa. Kasitomala analibe mlandu, ndiye ndinaikonza ndi ndalama za m'thumba mwanga. Kuchokera pamenepo palibe makina otuluka pakhomo nambala isanalowe mu kompyuta. Dziwaninso kuti pa ntchito ya waranti kampani imalipira maola omwe iyo inaika m'buku lake, osati omwe makaniko wanu watenga, ndipo sipeya yowonongekayo muisunge, chifukwa angathe kuiitanitsa kuti akaiyeze.

Chinandidabwitsa chaka choyamba chitatha n'chakuti phindu lenileni silinachokere pa makina atsopano. Pamenepo kasitomala amayerekeza mitengo, amanenerera, ndipo pali ena obweretsa makina omwewo m'njira zosadutsa kwa distributor, opanda waranti, otsika mtengo. Ndalama inachokera ku masipeya ndi ku wokoshopu, kwa anthu omwe ankabweranso kudzasinthitsa oyilo ndi mafyuluta, ngakhale aja amene anagula kwina n'kusowa wowakonzera.

Pa msonkhano wounika chaka, woimira distributor anabwera ndi mapepala awiri, la malonda ndi la madandaulo a makasitomala. Chiwerengero cha malonda ndinachiphonya pang'ono, koma pepala lachiwiri linali loyera. Anawonjezera mgwirizano ndi chaka china, n'kundilola kuyamba kuoda majenereta a dizilo, malinga ndilembe makaniko wachiwiri wodziwa zamagetsi. Panopa ndikumufunafuna.