Zikomo, amayi alowa m'nyumba ya malata

Loweruka lapitali tinakhoma lata lomaliza pa nyumba ya amayi kumudzi ku Katete. Ndabwerera kuno ku Mtendere mtima uli m'malo, ndipo ndati ndithokoze poyera, pakuti nyumbayi yamangidwa ndi manja ambiri.

Nonse mukukumbukira 2024. Chimanga chinapserera chitangomasula ngayaye, mpaka mu February a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Ife a ku Lusaka tinkalira magetsi madzi atatsika ku Kariba, koma kumudzi m'nkhokwe munalibe ngakhale chitsononkho. Amayi anatsimikiza zogulitsa ng'ombe ziwiri zolimira zimene atate anatisiyira. Ogula anali atafika kale pakhomo ndi mtengo wochititsa manyazi, podziwa kuti wanjala sakana.

Amalume, inu ndinu munaima pakhola n'kuwabweza. Munafunsa kuti ng'ombe zikapita, mvula ikadzabwera mlongo wanu adzalimira chiyani. Simunalekere pakamwa pokha, miyezi yonse ija ndiwo ndi mbatata za kudimba kwanu zinkafika kwa amayi. Ng'ombe zomwezo ndi zimene zakoka njerwa ndi mchenga wa nyumbayi. Ndikaganiza zimenezi misozi imalengeza.

Amayi anzanga a chilimba ku Soweto Market, munandilola kulandira mwezi umene sunali wanga, popanda wonyinyirika. Ndalamayo inasanduka matumba a unga amene ndinakweza basi pa Intercity. Yotsala ndinalipirira K400 ya FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi, kuti amayi asaphonye feteleza ndi mbewu.

Alangizi a zaulimi a kwathu, zikomo chifukwa cha khama. Amayi poyamba ankakana zosiya mapesi m'munda osatentha, ndiponso zogawa munda kuti mbali ina ikhale ya nshawa ndi soya. Munabwera kangapo mpaka anavomera. Pokolola mu 2025 chimanga chinadzaza nkhokwe, china tinagulitsa ku FRA, bungwe la boma logula chimanga, koma malata agulidwa ndi nshawa. Sitinazitaye pamtengo wa nthawi yokolola. Tinazisenda, ndinabwera nazo kuno n'kumagulitsa pang'onopang'ono mtengo utakwera. Alimi anzathu, ngati muli ndi m'bale m'tauni, yesani njira imeneyi.

Lero pamwamba pa malata pali sola yaing'ono. Adzukulu akuwerenga usiku, foni ya amayi sikupitanso kukatchajidwa kugolosale. Sukulu ndi yaulere kuyambira 2022, koma nsapato ndi yunifolomu ndi za kholo, ndipo chaka chino amayi agulira adzukulu atatu ndi ndalama ya m'munda mwawo, osandiimbira foni.

Amayi akuti nonse amene mudzapite ku Kulamba mu August musadzavutike ndi pogona. Ku Mkaika si kutali, mphasa zilipo, ndipo nkhuku aisankha kale.