Ndakatulo ya kuseri kwa pepala

Pa maphunziro a alakatuli amene tidachitira pa boma ku Kasungu panali lamulo limodzi lowawa: ndakatulo yako amawerenga ndi mnzako, iwe n'kukhala duu mpaka onse atathirapo ndemanga. Aphunzitsi adati mwini akayamba kufotokoza zimene amatanthauza, ndiye kuti pepala lalephera ntchito yake.

M'mawa wonse tidaphunzira kukonza. Poyamba lemba osafufuta. Kenako werenga mokweza, ndipo pamene mpweya wakuthera ikapo kadontho, mzere udukire pomwepo. Maphatikizo uwerenge ndi zala, chifukwa mzere wina ukakhala nawo 8, wotsatira 19, womvera amapunthwa. "Zedi", "ndithu" ndi "kwambiri" adati tizidula osamva chisoni. Za mizere yothera mofanana adatiseka: aneni ambiri m'Chichewa amathera ndi a, tsono kundandalika "kukonda, kudwala, kulira" si luso, ngakhale mwana wa Sitandade 2 angathe.

Ine ndidabwera ndi ndime 14 za chikondi, pa pepala limene ndidang'amba m'kope la za fodya. Titasinthana, langa lidagwera mayi wina wa ku Mtunthama, wa mawu a kwaya. Adaima, natembenuza pepala, nayamba:

"Feteleza thumba limodzi, kwa apongozi.
Mapulasitiki a chigafa, sindinalipire.
Nkhuku ya eni ake, inafera m'manja mwanga.
Wa kabaza, ndimzembe Lachisanu.
Zonse tikaonera ku Chinkhoma."

Zinali ngongole zanga, zodikira msika wa fodya wa ku Chinkhoma. Ndidakweza dzanja, aphunzitsi n'kuloza lamulo pa bolodi.

M'chipindamo mudati zii, kenako m'manja phu phu phu! Aphunzitsi adaimirira. "Mwamva? Palibe pamene walemba kuti umphawi, koma tonse tauona. Chinthu chogwirika mzere uliwonse. Palibe zedi!" Bambo wina wamagalasi adati nkhuku ija ikuimira dziko lathu. Mtsikana wina adatsutsa, akuti ndi banja limene likutha, ndipo adandiyang'ana mwachifundo. Nkhukuyo inali nkhuku basi, ndipo tidadyera nsima.

Atandilola kuyankhula ndidati, "Pepani aphunzitsi, ndakatulo ili kuseri." Mayi aja adawerenga ndime ziwiri, mpweya udawathera kanayi. Aphunzitsi adatenga cholembera chofiira n'kuyamba kudula: "duwa la mtima wanga" lidapita, "nyenyezi" zonse zitatu zidapita. Pa ndime 14 padatsala mzere umodzi, wonena za ndowa yobooka ya wokondedwa wanga pa mjigo.

"Achimwene, ya ngongole ija ndiyo mukakonze," adatero. "Koma mzere wa Chinkhoma watseka msanga. Ikufunika mathero oluma."

Pobwerera ndidapeza kuti ya minibasi yaperewera, ndipo amene adali pafupi anali aphunzitsi omwewo. Adandibwereka K2,000. Ndidatulutsa pepala lija n'kuwalemba pansi pa wa kabaza, iwo akuona.