Sabata Yofufuza GATA6 M'zotupa za Kapamba

Lolemba m'mawa ndinapeza patebulo langa mu labotale timinofu ta zotupa za kapamba (chiwalo chothandiza kugaya chakudya ndi kuwongolera shuga m'magazi) timene madokotala anadula kwa odwala, titaumitsidwa kale m'phula. Ntchito yanga inali kucheka timinofuto mopyapyala kwambiri, mamaikiromita 4 okha, kutiyala pa magalasi, kenako n'kuthira mankhwala osonyeza ngati jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa a m'thupi) yotchedwa GATA6 ikugwirabe ntchito m'maselo a khansawo.

Jini imeneyi imayamba ntchito yake mwana akadali m'mimba, pamene kapamba akuumbika. Akatswiri a ku Exeter ku Britain anapeza kuti mwa ana obadwa opanda kapamba amene anawayeza, oposa theka anali ndi GATA6 yowonongeka. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti jini yomweyo siipuma munthu akakula, chifukwa imapitiriza kukumbutsa maselo a kapamba kuti iwo ndi ndani. Khansa ya kapamba nthawi zambiri imayambitsidwa ndi jini ina, KRAS, yomwe imapezeka itasokonekera m'zotupa zoposa 90 pa 100 zilizonse, koma ukali wa chotupacho umayenderanso ndi mmene GATA6 ilili.

Lachiwiri zinthu sizinayende. Galasi loyesera ngati mankhwala akugwira ntchito, lomwe limayenera kufiirira nthawi zonse, linatuluka loyera mbuu, choncho ndinataya ntchito ya tsiku lonse n'kuyambiranso Lachitatu ndi mankhwala atsopano.

Lachinayi ndinakhala pa maikulosikopu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pagalasi lina maselo anali atafola bwinobwino mozungulira ngati timachubu, pakati pa selo lililonse pali kadontho kofiirira, kusonyeza kuti GATA6 ilipo. Pagalasi lotsatira maselo anali mbalanganda, opanda ndondomeko, ndipo kufiirira kuja kunali kutazimiririka. Zotupa za mtundu wachiwiriwu ndi zimene zimafalikira msanga, ndipo kafukufuku wa COMPASS wa ku Toronto anasonyeza kuti sizimva bwino mankhwala a khansa otchedwa FOLFIRINOX. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali galasi limenelo, podziwa kuti nambala yolembedwa pamenepo ndi munthu amene abale ake akudikira yankho.

Chimene chinandivuta kwambiri chinali galasi limene mbali ina inali yofiirira, ina yoyera, m'chotupa chimodzi chomwecho. Lachisanu ndinapita nalo kwa dokotala wamkulu woyeza minofu, ndipo ataliona anati, "Muchekenso mbali ina ya chotupachi, tisafulumire kulemba." Ndasiya phulalo m'firiji kuti Lolemba lichekeke bwino.