Za lero: dola za pa intaneti, msonkho, ndi mkangano wa mu garaja ku Turffontein

Loweruka, 21 February 2026

Ndinadzuka cha m'ma 5 mvula ikuwaza pa malata, tulo titathawa kalekale. Chomwe chinandidzutsa ndi chimodzi, Lachisanu likubwerali pa 27 ndi tsiku lomaliza loti ndipereke gawo lachiwiri la provisional tax, msonkho womwe ife odzilemba ntchito timapereka tokha kawiri pa chaka, ku SARS, bungwe lotolera msonkho kuno ku South Africa, poti pa 28 ndi Loweruka nde amafuna ulipiretu pa tsiku la ntchito. Ndinatsegula laputopu ndili mu bulangete momwemo nkuyamba kuwonkhetsa zonse zomwe ndapeza kuyambira pa 1 March chaka chatha, kuno chaka cha msonkho chimayamba March nkutha February.

Kwa amene simukundidziwa, ine ndimamasulira zinthu pa intaneti, Chingerezi kupita mu Chichewa, timapepala ta zaumoyo, ma subtitle, nthawi zina kumvetsera ma audio nkumalemba zomwe anthu akulankhula mpaka makutu kuwawa. Makasitomala anga ambiri sindinawaonepo nkhope, ali ku Ulaya ndi ku America, amalipira ma dola ndipo zimadzagwera mu akaunti yanga ya ku banki kuno zitasanduka ma rand. Nditachotsa zomwe ndagwiritsa pa ntchitoyo, data ndi tina ndi tina, panatsala pafupifupi R130,000 chaka chonse. Pa chaka cha msonkho chotha February 2026, munthu wosafika zaka 65 sapereka kanthu akapeza zosapitirira R95,750 pa chaka, nde zanga zopitirirazo ndi R34,250, pamenepo amadulapo 18 pa 100 iliyonse, yankho R6,165. Theka ndinapereka kale mu August. Yatsala R3,000 ndi kanganepo.

Ndikuwerengera choncho foni inalira, voice note ya amayi kumudzi. Ufa watsala wa masiku atatu, chimanga cha kumunda changomasula kumene, mng'ono wanga akumubweza kusukulu kamba ka fizi. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti February ndi mwezi wotani. Ndinakhala phee pa bedi ndikuyang'ana R3,000 ija pa sikirini, ndipo sindinama, maganizo anabwera oti bwanji ndingotumiza yonseyi kwa amayi, ndani angadziwe. Ndinatumiza R1,200 pa Mukuru kuchokera pa ya lendi, ya msonkho sindinaikhudze, ya lendiyo ndikabweza ntchito ya sabata ino ikalipira. Koma mtima sunakhale pansi tsiku lonse.

Masana kunali sosayite yathu ya maliro. Timakumana mu garaja ya mkulu wina ku Turffontein, kuchokera kwathu ku Rosettenville ndimangoyenda wapansi, lero ndikudumpha zithaphwi ndi maenje a mu msewu. Tinalipo anthu ngati 30, ena pa mipando ya pulasitiki ena pa makireti. Asungichuma anatsegula kope lawo lachikuto cholimba lija, dzina ndi dzina, aliyense R150 yake, osanyinyirika ngakhale mmodzi, ngakhale mayi wina yemwe ntchito inamuthera mu January anatulutsa yake atayimanga pa kansalu. Palibe amafunsa kuti ndalamayi ikupita kuti. Tonse tikukumbuka moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, m'tauni ya Joni, pa 31 August 2023 womwe unapha anthu 76, a kwathu ali momwemo, ndipo tikudziwa kuti kunyamula thupi kudutsa Beitbridge, Zimbabwe, Tete mpaka kulowa pa Mwanza si masewera.

Titamaliza za kope ndinapepesa kuti ndinyamuka msanga ndikamalize za SARS. Apo nde ndinaputa mavu.

Pali mnyamata wina wa ku Ndirande amapanga timavidiyo toseketsa pa YouTube ndi pa Facebook, za moyo wa ku Joni, anthu amamukonda ndipo luso ali nalo zoona. Anaseka mpaka kugwira pamimba. Akuti akulu, inu mukupereka msonkho pa dola za pa net? Zimenezotu nza mumlengalenga, zachokera ku America, boma la kuno zikulikhudza pati, anakuthandizani kugula data? Anthu angapo anavomereza kuti eya eya wanena zoona mfana.

Ndinamuuza kuti aise, ndalamayo ichokere ku America kaya ku mwezi, ntchitoyo waigwira uli pa mpando ku Turffontein, ndipo kwa munthu wokhazikika kuno lamulo limawerenga zonse zomwe wapeza ngakhale zochokera kunja. Komanso zoti palibe akuona nzabodza, ndalama yochokera kunja ikamalowa banki imafunsa kuti ndi ya chani, umasankha ka code kaja, ndipo zimenezo zimakafika ku Reserve Bank. Mu September 2025 a SARS ananena poyera kuti ma influencer azinena zomwe akupeza, mpaka katundu waulere yemwe makampani amawapatsa kuti awatsatse. Kenako ndinamufunsa, paja Google inakutumizira fomu ya msonkho wa ku America ija, unakana? Anati ayi tinalemba, akanatidula mpaka 24 pa 100. Nde ndinati ona, YouTube imatenga 45 pa 100 iliyonse ya ma advert iwe nkutsala ndi 55 sunadandaule, America inafunsa fomu unalemba tsiku lomwelo, koma dziko lomwe ukugonamo, lomwe misewu yake ukujambulamo mavidiyowo, ndi lomwe ukuti lisakhudze.

Anangoti ah akulu inu, nkuyang'ana pa foni, paja Google imalipira kuyambira pa 21 nde maso anali pompo.

Koma amene anandikhazika chete ndi achemwali ena a ku Zomba. Iwowa geni yawo ili pa WhatsApp status ndi pa Facebook, usipa, mpunga wa Kilombero, zitenje, Sobo, Nali, zimabwera ndi ma transipota iwo nkumaperekera anthu m'ma flat. Sanakweze mawu. Anati achimwene, chaka chatha mwana wanga anatentha thupi usiku wonse, m'mawa ndinamubereka kupita ku kiliniki, pageti panali anthu oti si manesi si alonda, akufunsa ID. Ndinawaonetsa pasipoti anati pita kwanu. Ndinaima kunja kwa mpanda mwana akulira kumsana mpaka ndinakakongola ndalama ya dokotala wolipira. Nde lero mukundiuza kuti pa R40 yomwe ndimapindula pa paketi ya usipa ndichotsepo ya boma?

Mu garaja munangoti zii. Ine ndinalibe yankho labwino, mpaka pano ndilibe. Malamulo aakulu a dziko lino pa gawo 27 amati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha chipatala, sanati nzika zokha, koma pepala silinamutsitse thupi mwana uja tsiku limenelo. Chomwe ndinatha kunena nchakuti achemwali, inu mwina simukufika nkomwe pa R95,750 pa phindu, nde palibe chomwe mukubisa, komanso musalole munthu akuuzeni kuti simupereka msonkho. Ndinatulutsa ka slip ka ku shopu komwe kanali m'thumba, sopo, shuga, mafuta odzola, pansi pake palembedwa VAT 15%. Pa R100 iliyonse yomwe mwalipira pa zinthu ngati zimenezi R13 ndi ya boma. Data yomwe mumaikira ma status, magetsi a prepaid, zonsezo VAT ilimo, mu petulo wa taxi muli levy. Ufa, mazira, buledi wa brown ndi nyemba zouma ndi zina mwa zomwe anazisiya zopanda VAT. Wa mapepala ndi wopanda mapepala pa till amalipira chimodzimodzi. Anagwedeza mutu koma nkhope sinamasuke, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Wina kumbuyo anayambitsa za kuba, akuti kwathu Cashgate ya 2013 mabiliyoni anatuluka ku Capital Hill anthu akufa m'zipatala kopanda mankhwala, kuno nako Zondo Commission, komiti yofufuza katangale, inakhala zaka ikumva za state capture, momwe anthu ena analandira boma kuti azibamo, nde tizithira madzi mu dengu? Pamenepo aliyense anali ndi chonena, phokoso ngati pa msika wa Limbe.

Anatiletsa ndi madala ena a ku Mangochi, munthu wamkulu kuposa tonse, amasoka zovala ku Mayfair. Ali pa swaumu, Ramadan yayamba sabata yomwe ino, nde amalankhula pang'onopang'ono milomo itauma. Anati ana inu, mawu oti msonkho ife timawamva mosiyana ndi inu. Azungu atabweretsa msonkho wa nyumba m'ma 1890 munthu wolephera amamuotchera nyumba, ena amawagwirira akazi mpaka mwamuna abwere ndi ndalama. Nchifukwa chake amuna anayamba kuyenda, ena ku minda ya tiyi kukagwira thangata, ena ku Salisbury komwe lero ndi Harare, ena kuno ku migodi. Bambo anga anakwera pa Wenela, dzina lija mumangolidziwa ngati depoti ya mabasi ku Blantyre, ndipo anasiya kubwera Kamuzu ataletsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown nkupha anthu athu oposa 70. Akuti njira ya ku Joni yomwe mwadzerayi anaitsegula ndi msonkho. Kenako anati koma ine zakaat ndimapereka chaka chilichonse, 2.5 pa 100, popanda wondithamangitsa, inu a tchalitchi chakhumi mumapereka, R150 ya mu kopemu mwapereka. Nde si kuti ndife anthu oumira. Timapereka pomwe tikuona kuti tikuwerengedwa ngati anthu.

Mawu amenewo andikhala mu mtima mpaka usiku uno. Agogo anga aamuna nawonso anagwira ku mgodi, amayi amanena kuti ziphaso zawo za msonkho amazisunga mu kachitini pamodzi ndi ndalama, kuopa kugwidwa pa msewu.

Kenako zinatulukira zina zomwe sindimayembekezera. Mfana wa mavidiyo uja pepala lake linatha kalekale nde akaunti ya banki alibe, AdSense, momwe Google imalipirira ndalama za mavidiyo, yonse ili mu dzina la alamu ake, omwe amagwira ntchito yokhazikika pa fakitale ina ndipo PAYE amawadula mwezi ndi mwezi. Alamuwo anali pomwepo, atakhala pa kireti pafupi ndi chitseko. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono mmene timalankhula za banki zija. Anafunsa motsitsa, akuti nde mukutanthauza kuti ndalama zomwe zimalowa kwa ine zija, pa mapepala ndi zanga? Ndinati eya alamu, dzina ndi lanu, akaunti ndi yanu, akadzafunsa adzafunsa inu, ndipo poti malipiro anu adutsa kale malire aja, rand iliyonse yoonjezera ili ndi msonkho. Anavula kapusi nkuyamba kuipinda pinda m'manja. Iwo amangothandiza mlongo wa mkazi wawo, ndalama ikalowa amatapa yonse nkumupatsa, satengapo ngakhale ya drink. Mfana uja kuseka kunatha.

Izi nde zimandipweteka kwambiri pa nkhani imeneyi. Timakamba ngati ndi mpikisano wa ochenjera ndi opusa, wopereka ndi wopusa wozemba ndi dolo, pomwe pansi pake pali anthu ambiri oti ngakhale atafuna kulembetsa sangathe poti mapepala alibe, ndipo katundu wawo akusenza ndi achibale osadziwa kanthu. Ine mapepala ndili nawo, nde ndilibe pobisala. Ndalama yanga sindinaitole, ndaikhalira usiku maso akuwawa, ndi malipiro ngati a wina aliyense, ndipo mlonda wa pa mall kapena nesi amene amamudula asanaione nkomwe ndalama yake sali wochepa kuposa ine kuti iye azipereka ine ndizizemba chifukwa choti yanga yadzera pa laputopu. Zakubazo zimandinyansa ngati wina aliyense. Koma tsiku lomwe munthu adzandiloze chala kuti inu obwera mumangodya za eni, ndikufuna ndidzamuyang'ane m'maso ndili ndi nambala yanga ya msonkho, komanso pokonzanso permit kapena pofuna nyumba ya lendi yabwinoko ndisamachite mantha ndi ma statement anga omwe.

Tinabalalika cha m'ma 5 kuti madala aja akafike ku Mayfair dzuwa lisanalowe. Potuluka alamu aja anandigwira mkono, akuti achimwene mawa mukatuluka ku tchalitchi mudzere kwathu, tidzaone limodzi ma statement kuyambira pomwe zinayamba kulowa. Ndawauza kuti ndibwera, komanso kuti kuli njira yokadziulula wekha ku SARS asanakupeze, amaitcha Voluntary Disclosure Programme, koma pa zimenezo tikafunse tax practitioner wolembetsedwa osati ine ndekha. Mfana uja anali kumbuyo kwathu manja m'thumba, anangoti nane ndidzakhalapo. Achemwali a usipa anandipatsa paketi imodzi pa ngongole, akuti mudzalipira boma lanulo likakusiyirani chenji, ndipo apo nde anamwetulira koyamba.

Ndafika kunyumba ndaphika nsima ndi usipa womwewo wothira tomato. Nditadya ndinalowa pa eFiling, webusaiti ya SARS, ndalemba IRP6, fomu ya provisional tax, ndayang'ana manambala kawiri, ndalipira R3,082. Risiti ndaisunga mu folda momwe muli za zaka zapitazi, amati uzisunga zaka 5. Mu akaunti mwatsala zochepa zoti ndikafike nazo Lachitatu.

Cha m'ma 9 amayi anaimba kuti ndalama ija yafika pa foni, mawa m'mawa atuma mng'ono wanga akagule chimanga apite nacho ku chigayo. Ndinawafunsa za kachitini ka agogo kaja ngati kakadalipo. Akuti kalipo, kali pansi pa sutikesi, ziphaso zina zinadyedwa ndi chiswe koma ziwiri zikuwerengeka. Ndawapempha kuti mng'ono wanga akazijambule anditumizire pa WhatsApp.