Zenera limene limanyamula khoma

Sabata yatha aphunzitsi athu anandibwezera pepala langa lili ndi funso limodzi lokha, lolembedwa ndi inki yofiira m'munsi: nanga khoma la pamwamba likukhala pa chiyani? Ndinachita manyazi. Ntchito inali yolangiza mwini nyumba wina kusankha pakati pa bay window ndi bow window, ndipo ine ndinadzaza masamba anayi ndi nkhani za kukongola, kuwala ndi makatani, ngati ndikugulitsa m'sitolo, pamene ndikuphunzira zoyendera ndi kuunika nyumba kuno ku Leicester.

Kusiyana kwa mazenera awiriwa sikovuta. Onse amatuluka kunja kwa khoma. Bay nthawi zambiri imakhala ndi mbali zitatu, galasi lalikulu pakati ndi awiri ang'onoang'ono m'mbali, opendekera pa madigiri 30 kapena 45, mwinanso 90 ngati bokosi. Bay yeniyeni imayambira pamaziko, ndiye chipinda chimakula ndithu, mpando n'kulowa. Bow ndi uta, monga dzina lake likunenera: magalasi anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi, ofanana kukula, ondandalikidwa mokhota pang'onopang'ono. Zambiri zimene amaika masiku ano amangozilowetsa pamalo a zenera wamba, n'kuzichirikiza ndi timabulaketi pansi. Pamenepo mumapeza poika maluwa basi, pansi pa chipinda sipakula ngakhale pang'ono. Izi ndinalemba bwino, ndipo sanazitsutse.

Mbiri yake ndi imene inandisocheretsa, chifukwa ndi yokoma. Ku England kunali msonkho wa mazenera kuyambira 1696 mpaka 1851, ndipo mpaka lero mumaona nyumba zakale zili ndi malo a zenera otsekedwa ndi njerwa. Msonkho wa magalasi unatha mu 1845. Misonkho iwiriyi itachoka, galasi linatsika mtengo, ndipo nyumba zogundizana za nthawi ya Mfumukazi Victoria zinayamba kutukula mimba zawo kumsewu, mzere wonse. Bow inali fasho ya anthu a ndalama zaka za m'mbuyo mwake; ku Brighton ziliko zambiri, ndipo pa kalabu ya White's ku London anaika ina mu 1811, malo amene Beau Brummell, mwamuna wotchuka pa za fasho nthawi imeneyo, ankakhala n'kumaonera anthu odutsa. Kunena zoona, agogo anga ankachita chimodzimodzi pakhonde ku Ntcheu, popanda kulipira kalabu.

Koma mwini nyumba sadya mbiri. Funso la inki yofiira lija ndinalimvetsa Lachitatu, pamene anatitengera ku nyumba ina yomangidwa m'ma 1930, ya bay yosanjikizana, ina pansi ina pamwamba. Pakati pa mazenera awiriwo panali mng'alu woti chala chaching'ono n'kulowa, ndipo m'chipinda cha pamwamba pansi pake panali potsetsereka kulowera ku zenera. Aphunzitsi sananene kanthu, anangotisiya tizikangana. Wina anati maziko atitimira. Ine ndinati mizu ya mtengo. Tonse tinaphonya. M'nyumba zambiri za nthawi imeneyo, mafelemu a matabwa a zenera la pansi ndi amene ankanyamula kakhoma ka pamwamba pamodzi ndi kadenga kake. Sanali zenera chabe, anali mizati. Wina anabwera, nachotsa matabwawo, naika mafelemu a pulasitiki a uPVC opanda chitsulo m'kati, katundu yense n'kukhala pa pulasitiki. Mankhwala ake ndi mapaipi achitsulo amene amabisika m'makona a zenera, okhala ndi sikuluwu yokwezera pansi pake, ndipo khoma liyenera kuchirikizidwa kaye asanachotse felemu yakale. Kuyambira 2002, kusintha mazenera ku England ndi Wales kumayenera kutsata malamulo a zomanga, kudzera ku khonsolo kapena kwa mmisiri wolembetsedwa ku bungwe ngati FENSA, koma nyumba zowonongeka kale zilipo zambiri.

Ndiye funso loyamba si lakuti mukonda uta kapena ngodya. Ngati khoma ndi lathyathyathya ndipo mtanda wa pamwamba pa zenera ulipo kale, bow ndi ntchito yopepuka. Mukafuna bay pamene panalibe, mwayamba kumanga: maziko, njerwa, mtanda watsopano, denga, ndipo ikakhala kutsogolo kwa nyumba moyang'ana msewu, khonsolo imaiona ngati kuwonjezera nyumba, chilolezo chifunika.

Za kuzizira sindinafunike buku. Chipinda chimene ndimachita lendi chili ndi bay, ndipo mu Januwale m'mawa magalasi amakhala akuchucha madzi m'kati, chuku chakuda chili m'makona. Zenera lotuluka kunja limakumana ndi mphepo mbali zitatu, ndipo kadenga kake nthawi zambiri kamakhala kopanda chotchinga kuzizira. Anthu amagula magalasi odula, n'kuiwala kadengako ndi kakhoma ka pansi.

Chimene chandigwira mtima kwambiri n'chakuti achimwene anga akumanga ku Area 49 ku Lilongwe, ndipo ataona chithunzi cha msewu wathu pa WhatsApp anati akufuna zenera lotere pabalaza. Poyamba ndinavomera ndi chimwemwe. Tsopano ndawaimbiranso. Balaza lawo layang'ana kumadzulo. Mngelezi anatulutsa zenera kunja pofuna kukola kadzuwa kochepa kamene ali nako. Ife dzuwa la mu Okutobala timalithawa, n'chifukwa chake makolo anatisiyira khonde. Magalasi asanu oyang'ana kumadzulo opanda mthunzi ndiye kuti balaza lasanduka uvuni pofika 3 koloko. Onjezanipo zitsulo zotchinga akuba, zimene owotcherera ayenera kuzipinda kuti zitsate uta, ndi ndodo ya makatani yokhota, ndi polumikizira kadenga ndi khoma pamene mvula ya mu Januwale idzayese kulowera. Ndawauza kuti ngati mtima wakana kusiya, asankhe bay ya ngodya zowongoka, yomangidwa ndi njerwa kuchokera pamaziko, konkire ya pamwamba izungulire pamodzi ndi nyumba yonse, ndipo ilowe pansi pa denga lalikulu, makamaka ku chipinda chogona cha kum'mawa. Anangoti, "Tamva, tikambirana ndi alamu ako," ndipo ndikudziwa tanthauzo lake.

Pepala lija ndikulilembanso, lifunika Lachisanu. Tsamba loyamba tsopano ndi chojambula cha khoma lodulidwa pakati, mivi ikusonyeza kumene kulemera kukutsikira mpaka kufika m'nthaka. Beau Brummell watsala ndi mzere umodzi.