Mano a amayi pa Mgonero wa odwala

Ndiyambe ndine kuinena nkhaniyi, poti mkulu wa mpingo amene ndinali naye tsikulo wayamba kale kuimwaza pa WhatsApp, ndipo akuthira mchere wambiri. Manowo sindinawadalitse. Ndinangowayang'ana nthawi yaitali.

Sabata la Pasaka mukulidziwa. Lamulungu la Kanjedza mapemphero awiri, Lolemba mpaka Lachitatu mapemphero a madzulo, Lachinayi Mgonero, Lachisanu ulaliki wa pamtanda. Imfa nayo sidikira kuti Ambuye auke kaye: Lachiwiri ndinali pa maliro ku Chirimba. Ndiye m'nyumba muli amayi anga, a zaka 81, a shuga ndi BP. M'mawa wawo uli ndi ndondomeko yake. Kubaya chala ndi kuyeza shuga asanalawe kanthu. Kenako mankhwala: glibenclamide wa 5mg wotsitsa shuga, amlodipine wa BP, ndi metformin wa 500mg, wa shuganso, womwera pachakudya. Wovuta ndi glibenclamide. Akangomwa, chakudya chibwere pasanathe theka la ola, apo ayi shuga amatsika: thukuta, kunjenjemera, mwinanso kukomoka. Koma kuti adye pafunika mano.

Manowo ndi oikirira, a m'mwamba ndi a m'munsi. Usiku timawachotsa, timawatsuka ndi kaburashi kofewa ndi sopo wamba, chifukwa mankhwala otsukira mano amawakanda. Amagona m'madzi ozizira. Otentha amawapotoza ndipo sakwananso m'kamwa. Chogonamo chawo ndi kontena ya majarini ya 500g.

Mkate wa Mgonero wa odwala nawonso umayenda m'kontena ya majarini ya 500g. Mayi busa anaudula Lachitatu usiku: buledi mmodzi, kuchotsa makoko, tizidutswa 40 ngati nsonga ya chala. Ponyamuka kupita ku Zomba kukaona mchemwali wawo anandiuza kuti, "Yanu ndi ya kumanja." Kumanja kwa ndani? Iwo ananena izi atapatsa shelefu msana. Ine ndinapita pashelefupo 5 koloko m'mawa, magetsi atazima, ndikuyang'anana nayo. Aliyense woweruza nkhaniyi ayambire pamenepa.

Tinakwera njinga yamoto, mkulu wa mpingo kumbuyo atakumbatira chikwama. M'misewu ya ku Ndirande ndinkamva ndithu chuku chuku, chuku chuku. Ndinati ndi botolo la Sobo.

Nyumba yoyamba inali ya agogo aamuna, opitirira zaka 90, amene sadzukanso pamphasa. Ana ndi zidzukulu anadzaza, amayi atatu a Mvano ali m'yunifolomu. Tinayala nsalu yoyera pakampando, tinandanda timakapu. Ndinawerenga 1 Akorinto 11 ndi mawu anga aja a Lachinayi Loyera, okuya, ochedwa. Pofika poti Ambuye anatenga mkate, ndinatsegula chivindikiro.

Anali akumwetulira.

A m'mwamba atakhala bwinobwino pa a m'munsi, madzi akuwayendetsa pang'onopang'ono, ngati akuona mmodzimmodzi amene wabwera. Sindinatseke. Mkono unauma. Ndalalikira zaka zambiri, maliro a ngozi ndaikapo, ukwati wothawidwa ndi mkwati ndinaupirira, koma palibe kalasi ku sukulu ya ubusa imene inatiphunzitsa chochita amayi ako akakusekera m'kontena pakati pa vesi 23 ndi 24. Dzino lakutsogolo lija lobenthuka, limene anathyola ndi chimanga chokazinga chaka chatha titawaletsa, linandiyang'ana ndendende.

Agogo aja, amene ana ankati saonanso bwino, anatukula mutu n'kusuzumira. M'kamwa mwawo mulibe ngakhale dzino limodzi.

"Abusa, mpingo wayamba kugawa amenewa?"

Ndinati ayi agogo, pachitika kusokonekera pang'ono.

"Ndingoyesako."

Mayi mmodzi wa Mvano anayambitsa nyimbo kuti abise phwete, koma anaiyambira pamwamba kwambiri, inafera pamzere wachiwiri. Mkulu wa mpingo anatuluka akutsokomola, ndipo chifuwa chakecho chinamveka mpaka kuseli kwa bafa. Anabwera ndi banzi ya Obama ya pa okala, misozi ili m'maso. Tinainyema, ndipo Mgonero unachitika mwaulemu wake.

Tikupinda nsalu m'pamene glibenclamide anandigwera m'mutu. Mdzukulu amene amatithandiza amawapatsa mankhwala 7 koloko osaphonya, ndipo nthawi inali itapitirira 8. Foni yake osayankha. Nyumba zisanu ndi imodzi zotsalazo zinadikira. Njinga inathamanga mwakuti mkulu wa mpingo anapemphera mokweza, chinthu chimene pa sesoni amachikana.

Ndinawapeza amayi pakhonde, kapu ya tiyi m'manja, kontena inayo ili gwaa pamiyendo, yopanda ngakhale nyenyeswa.

"Iwe, ndatsegula kuti ndivale mano, ndapeza buledi woduladula kale, wopanda makoko. Ndati mwana wanga wayamba kuganiza."

Tizidutswa 40 tonse, toviika m'tiyi. Munthu amene amaloledwa magawo awiri a buledi wa bulawuni. Titayeza patatha maola awiri, makina anati 16, pamene nthawi ngati imeneyo timafuna asapitirire 10. Tinawapatsa madzi ambiri, tinawazungulitsa nyumba katatu akudandaula, masana anadya masamba ndi dzira popanda nsima, ndipo madzulo anali atatsika. Chokhacho ndingati buledi uja anatchinga kukomoka, ndiye mwanjira ina kulakwitsa kwanga kunawapulumutsa. Mayi busa mfundo imeneyi akuikana.

Kwa akuluakulu amene akufunsa ngati amayi anadya Mgonero wa Ndirande yense okha: mkatewo unali usanapemphereredwe. Unali buledi chabe. Ndayankha.

Agogo aja atumiza uthenga kawiri kufunsa ngati dzina lawo lili pamndandanda. Amayi m'mawa uliwonse akumafunsa ngati kuli odwala ena ofuna kuyenderedwa. Ine ndinagula cholembera chosafufutika, pachivindikiro chimodzi ndinalemba MANO, pa chinacho MGONERO, zilembo zikuluzikulu zooneka ngakhale mumdima.

Zivindikirozo zimakwana makontena onse awiri. Izi ndazizindikira dzulo.