Mango alibe mlandu, koma ndani ali ndi nthawi yowauza?

Sabata yathayi ndatuluka ndili ndi mkwiyo womwe sukutha mpaka pano. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe mukuzidziwa kale anzanga a ku kiliniki ya shuga ndi BP, mzere kufika pa mtengo wa panja, sikelo imodzi, makina a BP mabatire ofooka, mankhwala a shuga a metformin alipo koma tikupatsa wa mwezi umodzi basi poopa kuti atha. Ma strip a glucometer, toyezera shuga m'magazi, anatha sabata ziwiri zapitazo, tinalemba oda, yankho lake ndi lija lija loti tikuyembekezera.

Nde Lachitatu cha m'ma 10 akutulukira mayi wina pa njinga yamoto atamugwirira mpongozi wake kumbuyo, thukuta thupi lonse, akunjenjemera, maso ali gwa, kumuitana sakuyankha bwino. Ndinamuzindikira, ndi wathu wa pa kiliniki pano, zaka za m'ma 50, wolemera 94 kg mwezi watha, amamwa glibenclamide, mankhwala otsitsa shuga m'magazi. Mtima unandiuza kale kuti shuga watsika koma uyeza ndi chani? Ndinathamanga mpaka ku matenite kukapempha strip imodzi ngati ndikupempha mchere kwa aneba, anandipatsa akudandaula. Shuga anali pa 2.4, wotsika kwambiri. Tinabaya dextrose 50, madzi a shuga a mu mtsempha, patapita mphindi zochepa mayi uja anaphethira nkufunsa kuti chitenje chake china chili kuti.

Atakhala bwino ndinakhala naye pansi.

"Mayi, mmawa munadya chani?"

"Palibe sisitala, ndikuchepetsa thupi."

"Nanga mankhwala?"

"Amenewo sindidumphitsa."

Mpongozi nde anamasula nkhani yonse. Mwezi watha atauzidwa kuti achepetse thupi, anauzidwanso kuti zotsekemera zonse asiye, ndi zipatso zomwe. Mwana wake wa ku Joni anawonjezera ndi voice note pa WhatsApp yoti shuga wa mu nthochi ndi yemweyo wa mu paketi. Mayi anamvera ndithu. Nthochi yomwe ankadyera phala mmawa anasiya, kenako phala lomwe, mango akugwa okha pakhomo iye akungopatsa adzukulu. Koma madzulo tiyi wa masupuni atatu sanasiye, ati shuga ameneyu ali ndi vitamini A, ndipo nsima ya masana mitanda itatu ili pomwepo. Zoona shuga wathu amathiramo vitamini A, koma mango akupsa omwe amawakana aja ali nayenso, ndipo ndi aulere.

Apa mpomwe ndinapsa mtima, osati ndi mayiyo ayi. Funso lakuti kodi shuga wa zipatso amanenepetsa limabwera tsiku lililonse ndipo yankho lake silovuta ukakhala ndi mphindi zisanu. Malangizo a 2015 a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati shuga wothira asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zomwe munthu amadya patsiku, kwa wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, masupuni a tiyi 12. Mu gulu limenelo muli shuga wa mu tiyi, zoziziritsa kukhosi, uchi ngakhalenso juwisi wa zipatso, koma chipatso chathunthu mulibemo. A WHO omwewo amati tizidya zipatso ndi masamba magalamu 400 patsiku, ndipo pa chithunzi cha magulu 6 a zakudya chomwe chapachikidwa pakhoma la kiliniki yathu, zipatso zili ndi gulu lakelake. Chithunzicho chimangotola fumbi.

Nthochi imodzi yapakati ili ndi shuga wa masupuni atatu ndi theka mwina, makalori pafupifupi 100, koma imabwera ndi zogayagaya zake zija, umatafuna, imakhala m'mimba, shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono ndipo umakhuta. Botolo la zoziziritsa la 300 ml lili ndi masupuni 7 kapena 8, umalimeza pa mphindi ziwiri njala ili pomwepo. Sindikunena kuti zipatso ndi madzi ayi. Nyengo ino ya mango ndawaona anthu akukhala pansi ndi beseni la kalisere, khumi kamodzi, ena kufinya maboloma asanu mu blenda nkumati ndi zachilengedwe, ameneyo thupi silingatsike ndipo kwa wodwala shuga, shuga amakwera ndithu. Koma bango limodzi, gwafa, masuku ochepa, chidutswa cha papaya pambuyo pa chakudya, sizomwe zamufikitsa munthu pa 94 kg. Ndinamuuza mayi uja kuti nthochi abwezeretse mmawa ndi phala, mtanda wa nsima achotsepo umodzi masamba achuluke, tiyi atsike kufika supuni imodzi kenako asiyiretu, ndipo asadzamwenso glibenclamide m'mimba muli mbee.

"Ndiye mango ndidye sisitala?" Anafunsa kawiri ngati ndikumuyesa.

Amene anamuuza zosiya zipatso ndikumudziwa, ndi mnzathu wa pompano, ndipo sindingamudzudzule kwambiri. Tsiku la kiliniki amaona anthu opitirira 100 ali yekha, munthu aliyense mphindi ziwiri, nde chiganizo chachidule ndi chomwecho, zotsekemera zonse siyani, wotsatira. Maphunziro a mmawa tisanayambe kuyeza aja anafa chifukwa katswiri wa zakudya ndi mmodzi chipatala chonse ndipo nthawi zambiri amakhala ku wodi ya ana onyentchera, apo ayi ali ku wekishopu kunyanja. Lachinayi pa mitingi ya mmawa ndinaikamba nkhaniyi, abwana anagwedeza mutu nkulemba mu dayale, za ma strip anati tikhale oleza mtima. Ndinafunsa kuti mayi uja akanakomokera ku munda nanga? Anati mfundo yamveka, tipite pa ina.

Lachisanu linali la BP zokhazokha ndi malipoti a mwezi, magetsi anazima kawiri. Ndisanaweruke mpongozi uja anabwera ndi jumbo ya mango, ati amayi atumiza. Ndinagawira a ku matenite theka, ngongole ya strip ija.